Nati Yolowa Msanga

Malume anga atamwalira anandisiyira zinthu ziwiri: Land Rover ya Series IIA yopangidwa mu 1967, ija ya nyali zoyandikana pakati ngati maso a kadzidzi, ndi zitini zisanu za mkaka zodzaza manati ndi mabawuti. Galimotoyo ndinailandira ndi manja awiri. Zitinizo zinkangondidyera malo pashelefu. Pachitini chilichonse malume anali atalembapo ndi penti yoyera: BSW, BSF, UNF, BA, ndipo pa chachisanu panali chilembo chimodzi chokha, M. Tsiku lina ndikusesa m'galajamo ndinazikhuthulira zonse m'ndowa imodzi, n'kutaya zitinizo kudzala. Mumtima ndinati, nati ndi nati, kusiyana kwake ndi kukula basi. Okalamba amakonda kudzipatsa ntchito.

Patapita miyezi ingapo ndinaona kuti pansi pa akiselo ya kumbuyo pakudontha mafuta a mabuleki. Pamenepo pali kachitsulo ka mkuwa ka mabowo atatu, komwe kamalandira mafuta ochokera kutsogolo n'kuwagawira kumatayala awiri a kumbuyo. Kanali katang'ambika pambali. Ndinakamasula, ndinakwera basi ya ku Blantyre, ndipo ku Ndirande, kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndinapeza kena kofanana nako ngati mapasa. Wogulitsayo sanandinamize. Anati anakachotsa ku Land Rover, ndipo kanalidi ka Land Rover. Chomwe sindinafunse n'chakuti Land Rover yake ya chaka chiti. Safunsa anadya phula.

Pomanga, ntchito inayenda bwino kuposa m'mene ndinkayembekezera. Manati akale a pamapaipi analowa m'kachitsulo katsopanoko ndi zala zokha, osavuta n'komwe. Ankagwedera pang'ono polowa, koma ndinati ndi ukalamba. Chakumapeto anayamba kulimba, ndinatenga sipanala n'kukungitsa mpaka ndinakhutira. Mphwanga anakhala pampando n'kumaponda buleki ine ndikutulutsa mpweya m'mapaipi. Buleki inalimba bwinobwino. Ndinapukuta pamalopo ndi kansanza, ndinadikira, sipanatuluke ngakhale dontho. Masiku khumi otsatira ndinayenda nayo pa boma pa Dedza, kumsika, kuchigayo, kutchalitchi, ndikudzitama kuti ndapulumutsa ndalama ya makaniko.

Tsiku la khumi ndi chimodzi tinapakira matumba a mbatata ya kachewere kuti tikagulitse kunyanja, n'kulowa msewu wotsetsereka wa ku Golomoti. Amene anayendamo akudziwa m'mene msewuwo umapindikira ngati njoka yopsa mchira, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho. Mwayi wanga unali wakuti malume anandiphunzitsa kutsika phiri m'giya yachiwiri, ndipo phunziro limenelo lokha ndiye ndinalisunga. Tikukhota pena, ng'ombe ziwiri zinatulukira mumsewu. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Inagwira kwa kamphindi, kenaka ndinamva ngati ndaponda papaya lakupsa. Phazi linafika pansi, galimoto ikupitabe.

Land Rover za nthawi imeneyo zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Paipi imodzi ikataya, matayala onse anayi amasiya kugwira nthawi yomweyo. Ndinapopa kawiri, palibe. Ndinakoka handibuleki, yomwe pagalimoto zimenezi siigwira matayala koma shafiti kuseri kwa giyabokosi. Galimoto inanjenjemera, matayala a kumbuyo anakhwekhwereza, ndipo ndinapotoza chiwongolero n'kuigunditsa dala kukhoma la phiri. Phiko la kutsogolo, lomwe ndi la aluminiyamu, linakwinyika ngati pepala. Mphwanga anamenyetsa chipumi pachitsulo cha galasi ndipo anamusoka kuchipatala madzulo ake. Ng'ombe zinadutsa osatiyang'ana n'komwe. Mbatata inagubuduzika msewu wonse, ana a m'mudzi wapafupi n'kutithandiza kutola, ina n'kudzitolera.

Galimoto itakokedwa kufika kunyumba ndinaitana madala ena amene ankacheza ndi malume, omwe anagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ya boma nthawi imene magalimoto ambiri a boma anali Land Rover ndi Bedford. Sanandipatse pepani wautali. Anayala katoni pansi, analowa kunsi kwa galimoto, ndipo anatuluka ali ndi kachitsulo kaja m'manja. Paipi ya kumanzere inali itasolokamo ndi nati yake. M'bowomo munali tinyenyeswa ta mkuwa topotana ngati tsitsi.

"Anamanga apa ndani?"

"Ndine ndemwe, madala."

"Natiyi polowa inkati bwanji?"

"Inalowa bwinobwino. Ndi zala."

"Inkagwedera?"

Ndinakhala chete.

Anatulutsa m'thumba kachipangizo kokhala ngati mpeni wopinda wa masamba ambiri, tsamba lililonse lili ndi mano ngati a sowo ndi nambala yake. Ndi koyezera mazinga. Anasankha tsamba lolembedwa 24 n'kuligoneka pamazinga a natiyo, mano onse anakhala m'malo mwake osasiya mpata. Anatenga lina lolembedwa 1.0, nalo linaoneka ngati lakhala. "Kweza kudzuwa, mwana wanga, uyang'ane kumapetoko." Nditakweza ndinaona kuwala kukudutsa pansi pa mano omalizira.

Nkhani yake inali iyi. Nati ya paipi yanga inali ya inchi, yotchedwa 3/8 UNF: kunenepa kwake mamilimita 9.5, mazinga 24 pa inchi imodzi. Kachitsulo ka ku Ndirande kanali ka metric, M10 ya mazinga ang'onoang'ono: bowo la mamilimita 10, zinga limodzi pa milimita iliyonse, zomwe ndi mazinga 25.4 pa inchi. Kanachokera ku Land Rover ya m'zaka za m'ma 1980, pamene kampaniyo inali itayamba kusamutsira zida za mabuleki ku metric. Kusiyana kwa kunenepa ndi pafupifupi theka la milimita. Ndiye kuti nati yanga inkalowa momasuka chifukwa inali yowonda, ndipo mazinga ake ankangogwira ndi nsonga zokha. Kulimba kuja ndinakumva chakumapeto sikunali kukhala bwino ayi, anali mazinga osagwirizana akukwerana ndi kudya mkuwa. Poyenda pang'onopang'ono m'tauni nsongazo zinkapirira. Koma munthu akaponda buleki mwadzidzidzi, mphamvu ya mafuta m'paipi imaposa ya mpweya wa m'tayala maulendo makumi angapo, ndipo nsongazo zinametedwa kamodzi n'kamodzi.

"Ukanatembenuza," anatero madala, "nati ya metric n'kuilowetsa m'bowo la inchi, ikanakukanira pazinga loyamba. Ukanatukwana, ukanabwerera ku Ndirande, mphwakoyo chipumi chili bwino. Nati yokana siipha munthu."

Kenaka anaona ndowa ija pakona. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti zitini za malume zili kuti. Nditawauza, anangoti, "Mmm." Ndikadakonda akanandikalipira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinafuna kudziwa chifukwa chake galimoto imodzi, yochokera m'fakitale imodzi ku Solihull, ikhale ndi mitundu ya mazinga yochuluka chotere. Yankho lake ndi mbiri ya dziko la Britain lenilenilo, yomangidwa ndi sipanala pansi pa galimoto.

Kale fakitale iliyonse kumeneko inkadula mazinga akeake, moti bawuti ya uyu sinkalowa m'nati ya uyo. Mu 1841 injiniya wa ku Manchester, Joseph Whitworth, atayerekeza mabawuti a m'mafakitale ambiri, anapereka muyezo umodzi: zinga likhale ndi ngodya ya madigiri 55, nsonga zake zoulungidwa, ndipo kunenepa kulikonse kukhale ndi chiwerengero chake cha mazinga. Umenewo ndiye BSW. Mazinga ake ndi akuluakulu, oyenera masitima ndi milatho. Magalimoto atabwera, ndi kunjenjemera kwawo komasula manati, panafunika mazinga oyandikana kwambiri, ndipo mu 1908 panabwera BSF, ya ngodya yomweyo koma mazinga ang'onoang'ono. Pa tizomangira tating'ono ta zamagetsi panali kale muyezo wina wotchedwa BA, wa madigiri 47.5, womwe n'zoseketsa kuti maziko ake ndi mamilimita: 0BA ndi mamilimita 6, ndipo nambala ikamakwera kabawuti kamachepa. N'chifukwa chake zida za Lucas ndi makabuleta a SU zili ndi tinati tomwe sipanala ya kusitolo siigwira.

Ku America anayenda njira yawo. William Sellers mu 1864 anasankha madigiri 60 ndi nsonga zaphwatalala, zosavuta kudula. Kusiyanaku kunaluma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali a mbali imodzi ankalephera kubwerekana nati. Kampani ya Packard ku Detroit itapatsidwa ntchito yopanga injini za ndege za Rolls-Royce Merlin, inachita kupanga mazinga a ku Britain m'dziko la America kuti zida zizilowana. Nkhondo itatha, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Britain, America ndi Canada anagwirizana za muyezo umodzi wa inchi wotchedwa Unified, wa madigiri 60: UNC ya mazinga akuluakulu, UNF ya ang'onoang'ono. Opanga magalimoto ku Britain anayamba kusamukirako m'zaka za m'ma 1950. Asanamalize n'komwe, mu 1965 boma linalengeza kuti mafakitale alowere ku metric.

Tsono fakitale siitaya makina ali moyo. Chida chikapangidwa chatsopano chinkalandira mazinga atsopano, koma chomwe sichinasinthe chinkapitirira ndi akale, zaka ndi zaka. Pa Land Rover yanga injini ili ndi mazinga a Unified, chifukwa inabwera cha mu 1958. M'maakiselo ndi m'giyabokosi, zomwe maziko ake ndi a 1948, mudakali BSF yambiri, ndipo manati a matayala ndi 9/16 BSF, pamene a Series III ndi M16. Mapulagi ndi a mamilimita 14, popeza mapulagi akhala a metric kuyambira kale ngakhale ku Britain. Zotsekera zina za mafuta ndi za BSP, mazinga omwe aja a mapaipi a madzi a hafu inchi amene aliyense womanga nyumba kwathu kuno amawadziwa, omwe mpaka lero akadali ndi madigiri 55 a Whitworth. Onjezerani pamenepo amakaniko onse amene anagwirapo galimotoyo zaka zoposa makumi asanu, aliyense n'kuikapo chomwe anapeza tsiku limenelo.

Chondiseketsa kwambiri m'mbiriyi ndi cha magalimoto akale a MG, TC, TD ndi TF. Injini zake zili ndi mabawuti a mazinga a metric koma mitu yake ndi ya Whitworth. Chinachitika n'chakuti kampani ya ku France ya Hotchkiss inatsegula fakitale ku Coventry pa nkhondo yoyamba, n'kubwera ndi makina ake a mamilimita. Nkhondo itatha inayamba kupangira wopanga magalimoto William Morris injini, ndipo mu 1923 Morris anagula fakitaleyo ndi makina ake omwe. Kusintha makina kunali kodula, koma amakaniko a ku Britain analibe masipanala a mamilimita. Ndiye anangopanga bawuti ya thupi la Chifalansa ndi mutu wa Chingerezi, mpaka m'ma 1950. Ndipo si metric yomwe mungagule lero mosavuta: ya mamilimita 8 ili ndi zinga pa milimita imodzi, pamene M8 wamba ili ndi zinga pa 1.25. Munthu amayeza mutu, n'kuti iyi ndi BSF, n'kukagula 5/16 BSF, n'kukaononga bowo m'injini yomwe ina yonga iyo sapanganso.

Apa ndi pamene ambirife timalakwira, ine ndemwe woyamba: timafunsa sipanala kuti itiuze mtundu wa bawuti. Sipanala imadziwa mutu wokha. Ndipo masipanalawo amalankhula zinenero zosiyana. Ya metric yolembedwa 13 ndiye kuti kamwa lake ndi mamilimita 13. Ya AF yolembedwa 1/2 ndiye kuti kamwa lake ndi theka la inchi, mamilimita 12.7. Koma ya Whitworth siitchula kamwa lake, imatchula kunenepa kwa bawuti, moti yolembedwa 1/4 W ili ndi kamwa la mamilimita 13.3, lalikulu kuposa ziwiri zija ngakhale nambala yake ikuoneka yaing'ono. Zambiri zimakhala ndi nambala ziwiri, monga 1/4 W ndi 5/16 BS, chifukwa mitu ya BSF ndi yocheperapo ndi sitepe imodzi, ndipo pa nkhondo yachiwiri anachepetsanso ya Whitworth kuti apulumutse chitsulo. Taonani tsono: 12.7, 13, 13.3. Mukaika 13 pamutu wa 1/2 AF imagwira, koma mpata wa 0.3 uja ndi wokwanira kudya makona nati ikakhala ya dzimbiri. Mukaiyesa pa 1/4 W imakana, ndipo ndaonapo anyamata akuikhomera ndi hamala. Makona akatha timatenga bobojani, bobojani akalephera timatenga tchizulo. Manati ambiri a pagalimoto yanga ali ndi zipsera za mbiri imeneyi, ndipo si zonse za amakaniko akale.

Madala anandilembera papepala la simenti mabanja a mazinga amene amanyengana, ndipo pepalalo lili pakhoma mpaka lero. Bawuti ya 5/16 ndi mamilimita 7.94, M8 ndi 8. Ndi diso simungasiyanitse, koma 5/16 BSF ili ndi mazinga 22, UNF 24, UNC 18, ndipo M8 wamba pafupifupi 20. BSW ndi UNC zili ndi chiwerengero chofanana pamasaizi ambiri, 20 pa 1/4, 18 pa 5/16, 16 pa 3/8, moti zimalowana, koma ina ndi ya madigiri 55 ina 60, ndipo mbali za mazinga sizigonerana mokwanira. Pa theka la inchi m'pamene zimakanirana poyera, BSW 12, UNC 13. Kwa tating'ono, 2BA, 10-32 UNF ndi M5 zonse zili pafupi ndi mazinga 32 pa inchi ndipo kunenepa kwake kumangosiyana ndi kachigawo ka milimita. Pa bulaketi ya nambala puleti, palibe amene angafe nazo. Pa mabuleki, pa chiwongolero, pa matayala ndi pa lamba wa pampando, nkhani yake ndi ina.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osaphunzira ngati ine okha. Pa 10 June 1990 ndege ya British Airways ya mtundu wa BAC One-Eleven inanyamuka ku Birmingham kupita ku Málaga. Itakwera mafiti oposa 17,000, galasi la kutsogolo kwa woyendetsa linazuka, ndipo kaputeni Tim Lancaster anakokedwera kunja theka la thupi. Anzake anamugwira miyendo mpaka wothandizira wake anatsitsa ndegeyo ku Southampton, ndipo anapulumuka. Ofufuza anapeza kuti galasilo linali litamangidwa maola 27 m'mbuyomo, ndipo mwa mabawuti 90, okwana 84 anali owonda ndi mamilimita 0.66, pamene 6 anali aafupi. Amene anamanga anali injiniya wa zaka zambiri pantchito. Anasankha mabawutiwo poyerekeza ndi diso, usiku, pamalo osawala bwino. Onse analowa, onse anaoneka ngati alimba. Nditawerenga nkhaniyi ndinakumbukira m'mene ndinaikira kachitsulo kakale ndi katsopano pachikhato ku Ndirande, n'kugwedeza mutu kuti n'zofanana.

Chilango chomwe madala anandipatsa chinali ndowa ija. Anandibwereka choyezera mazinga chawo ndi kalipa ya vernier, n'kunena kuti sagwira galimotoyo mpaka manati onse atabwerera kwawo. Zinanditengera Maloweruka anayi. M'menemo ndi momwe ndinaphunzirira kuwerenga bawuti. Ya metric nthawi zambiri imakhala ndi nambala pamutu, 8.8 kapena 10.9. Za inchi za ku Britain zimakhala ndi chilembo monga R, S kapena T chosonyeza kulimba kwa chitsulo, ndipo za ku America zili ndi timizere tochokera pakati. Za Unified zopangidwa ku Britain ankaziika chizindikiro dala kuti zisasokonezeke ndi BSF: kadzenje kozungulira pamutu wa bawuti, kapena timikombero tolumikizana pambali pa nati. Koma zizindikiro zimafufutika ndi dzimbiri, ndipo choyezera ndicho chimanena mawu omaliza. Ndinaphunziranso zomwe zala zimadziwa. Nati yoyenera imayenda ndi zala kuyambira pamwamba mpaka pansi, mosalala, osagwedera. Ikayenda kawiri kapena katatu n'kuyamba kulimba, si dzimbiri nthawi zonse, kawirikawiri ndi mazinga achilendo. Ikamagwedera ngati dzino la mwana, ndiye yoopsa ija.

Ena amati njira yachidule ndi kudula mabowo onse kukhala metric, popeza ndi yomwe ikupezeka m'masitolo a hadiweya. Ine sindivomereza, kupatula pomwe bowo latheratu ndipo palibe njira ina. Mukadula M8 m'bowo lomwe munali 5/16, mazinga atsopano amadutsa pa akale ndipo otsalawo amakhala ofooka. Komanso mwatchera msampha munthu amene adzagwire galimotoyo inu mutachoka, amene adzawerenga buku lake n'kukhulupirira kuti pamenepo pali UNF. Ngati mwasinthadi, lembani. Malume anali ndi kabuku kotero m'kabokosi ka pansi pa mpando, ndipo ndinakapeza mochedwa, nditakhuthula kale zitini.

Manati khumi ndi anayi a m'ndowamo sanagwirizane ndi saizi iliyonse ya BSF, UNF kapena metric. Madala atawaona anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi. Anali a njinga ya malume ya Humber, mazinga 26 pa inchi, muyezo winanso wa ku Britain wa opanga njinga. Ndiye zitini tsopano zilipo zisanu ndi chimodzi.

Inu amene muli ndi Land Rover, Morris Minor, Mini kapena Bedford yakale yomwe mapaipi ake a mabuleki anagwiridwapo ndi munthu yemwe simukumudziwa, kapena ndi inu nomwe, yalani katoni mulowe kunsi Loweruka likubwerali. Masulani nati iliyonse ya paipi pang'ono, muigwedeze ndi zala, ndipo yogwedera muiyeze musanatulukenso pamsewu. Kachitsulo ka mkuwa ka 3/8 UNF koyenera galimoto yanga kanafika patatha milungu isanu kuchokera ku England, ndipo mtengo wake sunafike pa wa thumba limodzi la mbatata.